Tinakazonda a Eveles

A Eveles anayamba kuwonda mu Malichi, ndipo pofika Julayi amayi a Mvano kutchalitchi kwathu ku Mbagala anali atawapeza kale matenda. Ife Amalawi a kuno ku Dar tilipo ochepa, moti munthu akatsika thupi, nkhani yake imatizungulira tonse mpunga usanapse.

Ine ndinkadziwa zoona zake, poti timakhala moyandikana ndipo tonse timagwira ntchito ku Ilala, iwo yosoka makatani, ine yokolopa m'maofesi. Dokotala anawapeza ndi shuga wokwera kwambiri. Anawauza mosapsatira kuti akapanda kusintha kadyedwe ndi kuchepetsa thupi, mwendo wakumanzere, umene unali utayamba kale kuchita dzanzi, adzaudula. Mkulu wawo anamwalira ku Nkhotakota ali ndi mwendo umodzi, ndiye a Eveles sanadikire kuuzidwa kawiri.

Anasiya chapati ndi vitumbuwa. Tiyi ankamwa wopanda shuga, atakwinya nkhope ngati akumwa mankhwala. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kuchokera pa Rangi Tatu mpaka pa Mtongani, n'kukwerera daladala, minibasi ya kuno, kumeneko. Anandinyengerera kuti tiziyenda limodzi, ndipo ndinapirira masiku atatu. Dzuwa la kuno silisewera, komanso ine ndi thukuta sitigwirizana. Iwo sanaphonye tsiku, ngakhale lamvula. Anangondipempha kuti za shugazo ndisauze munthu, chifukwa sankafuna kumveredwa chisoni.

Koma kwathu munthu sawonda dala. Ukanenepa ndiye kuti mwamuna akukusamala, ukawonda ndiye kuti ndi matenda aja osatchulidwa dzina. Mayi Judith, mkulu wa Mvano, analengeza kuti Loweruka masana tikazonde mnzathu. Kozonda wodwala sapita chimanjamanja, ndiponso safunsa chimene munthu akudwala. Tinapita asanu ndi awiri, titavala yunifolomu, titasenza mpunga wa pilau ndi beseni la mandasi. Ine ndinanyamula soda, ndikudziwa bwino lomwe kuti mwini nyumba sangailawe.

A Eveles anatiyalira mkeka akudabwa. Tinaimba nyimbo ziwiri, kenaka Mayi Judith anapemphera pemphero lalitali kwa Mulungu wodziwa zobisika. Atati ameni anaika pilau wodzaza mbale, n'kuwasendezera.

"Idyani, amake Anitha, mubwezere thupi."

"Zikomo amayi, asante sana, koma izi masiku ano sindikudya."

"Chilakolako chathawa eti? Pole, pepani. Dzikakamizeni pang'ono, mankhwala aja safuna m'mimba mopanda kanthu."

Apa m'pamene a Eveles anazindikira chimene tinabwerera. Anayang'anitsitsa mbaleyo kanthawi ndithu. Kukana chakudya cha Mvano pamaso pa anthu ndi mwano, ndipo kwa ife wokana pilau ndi wodwala basi. Mbale imodzi sikanawapha. Koma ankatidziwa: akadya tsiku limenelo, tikanabweranso Loweruka lotsatira ndi mbale ina.

Anaibweza mbaleyo ndi manja awiri.

"Ndili ndi shuga, amayi. Kuwondaku ndikuchita dala, adokotala ndi amene anatero. A Patience akudziwa, afunseni."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndisanayankhe, Mayi Judith anawasisita paphewa.

"Musavutike ndi kufotokoza, mwana wanga. Onse amati ndi shuga."

Amayi anagwedeza mitu movomereza. Ine ndinali nditaluma mandasi, ndipo ndinatafuna pang'onopang'ono kuti nthawi ipite. Ndimawaopa Mayi Judith, ndipo sindinafune kumveka ngati wothandiza mnzake kubisa. Ndinangoti, "Mmm." Manyazi ake ndikadali nawo.

Lamlungu lotsatira benchi imene a Eveles anakhalapo inali ndi malo ambiri. Anawachotsa pagulu lophika kumaukwati, akuti kuti apume. Amuna awo, a Fraser, nawonso anayamba kupatsidwa moni wachisoni ndi azibambo anzawo, ndipo kunyumba anayamba kudandaula. Njira yoyeretsera dzina inali imodzi yokha, kunenepanso.

Lachitatu nditaweruka ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza pakhonde akusadzula bonongwe, diresi yakale atayimanga ndi lamba kuti isakhuthuke. Kupepesa kwanga sikunatuluke bwino. Ndinapezeka ndikuwalangiza.

"Achemwali, bwanji mungobwezera kathupi pang'ono? Miyezi iwiri yokha, anthu atseke pakamwa, kenaka mudzayambirenso."

Sanakwiye. Anataya mapesi m'ndowa n'kutenga bonongwe wina.

"Miyezi iwiri ija ine ndimaidziwa. Mkulu wanga ankati akangodutsa Khirisimasi ayamba."

"Nanga dzina lanu? Ngakhale a Fraser zikuwawawa."

"Zikundiwawa inenso, a Patience. Ndimalira. Koma tsiku limene adzandidule mwendo, a Judith adzabwera ndi pilau yemweyu, ndipo adzakhulupirira kuti analidi shuga. Umboni umenewo sindiwapatsa."

Anandifunsa ngati mawa ndiyenda nawo. Ndinati ndiona mmene kuchere. Kutacha ndinawamva akutseka geti nthawi yawo ya masiku onse, ndipo sanagogode kwanga.