Kanyama Kamene Kanatsala ku Lusaka

Chibakela choyamba chinam'peza Luisa akumanga chikwama pa njinga. Sanagwe. Analavula magazi, n'kupitiliza kukoka mphila yomangila.

"Ndati masula katunduyo!" anakuwa Gideon, mkulu wake wa mwamuna wake. "Luckson sapita kulikonse."

Miyezi itatu m'mbuyomo, Luckson, mwamuna wa Luisayo, anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Luisa anam'kakamiza mpaka kuchipatala ku Petauke, ndipo kumeneko anawatumiza ku Lusaka. Madokotala anapeza kachotupa m'matumbo, kochepa ngati njele ya nsawa, n'kukachotsa. Inali khansa, koma yongoyamba kumene. Munthu anabwelela kumudzi ali gwa, n'kukolola thonje lake lonse.

Koma kanyama kaja sikanatayidwe. Dokotala anati akufuna kukapima chibadwa chake, pakuti khansa ina imakhala pamalo amodzi, pomwe ina imabadwa ndi zizindikilo zoti idzayenda m'thupi. Luckson anali akali woledzela ndi mankhwala ogonetsa, choncho Luisa ndiye anadinda chala papepala. Tsopano kalata inali itafika kudzela kukiliniki. Zizindikilo zija zapezeka. Luckson abwele Lachinayi, madokotala amudule chigawo cha thumbo matenda asanafalikile. Tsikuli linali Lachitatu m'mawa.

Pa chala chija m'pamene panagona nkhani. Kwawoko ku Kalindawalo mwamuna ungam'phikile, ungam'balile ana asanu, koma thupi lake ndi la abale a kwa amake. Nanji Luisa, mwana wa anthu othawa nkhondo ku Mozambique, wobadwila kumsasa wa ku Ukwimi! Anafunsa yani?

"Unagulitsa nyama ya m'bale wanga, iwe mfiti," anatelo Gideon, thovu lili kukamwa. "Ailawa, aikonda, lelo akufuna yotsalayo. Tamuonani anthuni! Munthu wonyamula matumba a thonje yekha, akam'ng'ambe mimba? Amayi anapita kuchipatala ndi miyendo yawo, anabwela m'bokosi."

"Alamu, amayi anapita mochedwa," anayankha Luisa. "Matendawa sayembekeza kuti munthu aonde. Welengani nokha."

Kumeneko ndiye kunali kuputa mavu. Gideon anatsomphola kalatayo, n'kuing'amba pakati, n'kuing'ambanso. Rita, mlongo wawo, anam'dzela Luisa kumbuyo, n'kum'gwila tsitsi pamodzi ndi duku. Mbama inalila. Ina inalila. Gideon anazula pampu pa njinga n'kum'menya nayo pakamwa, dzino linathothoka n'kugwela m'fumbi. Luisa anagwa chagada, nsapato inam'peza m'nthiti, kawili, katatu.

Anthu anadzaza pabwalo, koma wogwila panalibe. Za m'banja, ati. Manyazi alibe anthu amenewa!

Luisa sanali kuteteza nkhope. Ankakwawa, akutola tizidutswa ta kalata n'kumatilowetsa m'kamisolo. Mantha anali nawo, inde, koma osati a nsapato. Ankaopa Lachinayi kudutsa. Gideon atam'ponda dzanja, Luisa anatembenuka n'kum'luma pa katumba ndi mano otsalawo, ndipo sanasiye mpaka anamva mchele wa magazi a mlamu wake.

"Mayo! Galu iwe!"

Gideon anayang'ana uku ndi uku, n'kuona musi utatsamila mtondo. Anaunyamula ndi manja awili.

Nthawi yonseyi Luckson anali chilili pakhomo, manja lende. Musam'seke msanga. Atate awo anamwalila iye akali kuyamwa, ndipo Gideon ndiye anam'lela, anam'phunzitsa kugwila ng'ombe pagoli, anakam'funsilila mkazi yemweyu. Zaka makumi anayi, Luckson anali asanam'yankhepo mkulu wake ngakhale liwu limodzi. Luisa ali pansipo anam'yang'ana, ndipo mtima unamuwawa kuposa nthiti, pakuti anadziwa kuti mwamuna wakeyo angathe kuima pomwepo mpaka onse awili atafa.

Musi unakwela m'mwamba.

Khoo! Sunali musi. Unali mpini wa khasu, utatela pa mkono wa Gideon. Fupa linalila ngati phesi louma. Musi unagwela kumbali, Gideon n'kukhala pansi, akuyang'ana mkono wake utapindika pomwe palibe chigongono. Rita anathawila kuseli kwa nkhokwe, akulila chokweza.

Luckson anaponya mpiniwo, misozi ili chuchuchu.

"Akulu, mundikhululukile," anatelo. "Amayi akubuula miyezi isanu ija, inu munali ku Nyimba. Ndinkawamva ndine. Imfa imeneija sindiifuna."

Gideon anakukuta mano. "Pita. Ukafela komweko, akuike mkazi wakoyo. Ife kumanda kwathu tilibe malo ako."

Mawu otele munthu sabweza. Luckson anawelama, n'kum'nyamula Luisa, n'kum'khazika pa kaliyala pamwamba pa chikwama. Anapalasa osacheuka. Njila yonse Luisa anam'gwila m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa pomwe panali tizidutswa tija, magazi akudonthela pa malaya a mwamuna wake.

Anafika pamseu waukulu dzuwa lili pamutu. Njinga anaisiya pa kantini ya mnzake. Basi ya ku Lusaka itaima, Luckson anam'kweza mkazi wake m'manja ngati mwana, osapuma n'komwe. Kondakitala anaona milomo yotupa ija, diso lotsekeka, chitenje chofiila, n'kugwila pakamwa.

"Bambo, amaiwa Lusaka safika! Apelekeni pa Petauke pompa."

Luisa anapukusa mutu. Anakweza dzanja lopondedwa lija, n'kuloza chimunthu chamapewa otambalala chimene chinam'nyamulacho.

"Ine ndilibe kanthu," anatelo, mawu akutulukila pagwelu. "Odwala ndi awa."