Fani ya Pamwamba pa Uvuni

"Sendera kuno Doris, ima pansi pa fani penipeni," ndinamukoka mnzangayo. "Apa palibe angatimve."

Unali m'mawa wa mu Julaye, chisanu cha ku Mwanza chikuluma zala. Ndinkakanda ufa wa mabanzi kwa a Lourenco, apongozi a achimwene anga a Kinsley, kufupi ndi malire. Nyumba yawo ndi yosanja: pansi uvuni, m'mwamba chipinda cha matabwa momwe munkagona alamu anga a Gisela ndi khanda lawo lobadwa masiku asanakwane. Kuchipatala anati mwanayo asazizidwe ngakhale pang'ono. Ndiye a Lourenco anaboola thabwa limodzi, n'kumangirira fani ndi waya pachibowopo kuti izikankhira kutentha kwa uvuni m'mwambamo. Inkasokosera ngati chigayo. Ine phokosolo ndinkalikonda, linkandibisira nkhani zanga zonse.

"Tanena msanga, iwe wailesi, manachesi anga ndawasiya okha pamsewu," anatero Doris.

"Ulumbire kaye. Amayi anati ndikangoyasamula andisoka pakamwa ndi singano ya matumba. Alamu magazi awo akuthamanga kale, asamve."

"Ndalumbira!"

"Sukudabwa kuti sabata zitatu achimwene osabwera kudzaona mwana? Akuti thiraki yawafera ku Beira. Bodza!"

"Ukuti chiyani? Sindikumva!"

Ndinakweza mawu, pafupifupi kukuwa.

"Ali pa Zobue pompa, kwa mkazi wina, ndipo mkaziyo ndi woyembekezera!"

Sindikudziwa kuti magetsi anathima ndili pa liwu liti. Ndinangomva mawu anga ali okhaokha m'nyumba monse, fani ikuzungulira mwaulesi, kenako zii.

Tonse tinayang'ana chibowo chija.

"Mwina ali mtulo," Doris ananong'ona.

Thabwa linalira pamwamba pathu. Phazi limodzi. Lachiwiri.

"Thandie." Mawu a alamu anatsika m'chibowomo ali ofatsa, bola akanakalipa.

"Ee, alamu."

"Dzina lake ndani?"

Lilime langa, lomwe chibadwire silinapumepo, linathamangira kuzemba funsolo.

"Ndimangocheza, alamu. Inu mumandidziwa ine."

"Ndimakudziwadi. Umalongolola, koma sunama."

Pocheuka, Doris anali atathawa kalekale. M'malo mwake pakhomo panali a Lourenco, nkhuni zili paphewa.

"Athimitsanso? Aa, mdzukulu wanga azizidwa! Gisela, mufunditse bwino mwanayo!"

Kenako a Lourenco anandiyang'ana, ine n'kuzika manja mu ufa, ndikupemphera kuti asandifunse kanthu.

Posakhalitsa magetsi anayaka, fani n'kuyamba kuzungulira.

"Basi, zonse zili bwino," a Lourenco anamwetulira.

Nthawi yomweyo china chake chinagunda mapiko a fani, ngwe ngwe ngwe, n'kugwera mu ufa wanga. A Lourenco anachitola ndi zala ziwiri, anachiuzira, n'kuchipukuta pa malaya awo pang'onopang'ono.

Inali mphete ya ukwati, idakali yofunda.