Chiponde cha Tikondane

Goliati ankapalasa kabaza pa Migowi. Kwawo kunali kumunsi kwa phiri la Michesi, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika ndi njinga yake kukadikirira anthu pamene minibasi zimaima. Chaka chimenecho nandolo sanabereke, chimanga chinatha Okutobala asanafike, ndipo masiku ambiri iye ankachoka pakhomo atangotsuka m'kamwa.

Mwana wake, Tikondane, anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu. Atatsekula m'mimba kwa milungu iwiri anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, tsitsi nalo kufiirira. Alesi, mkazi wa Goliati, anapita naye kusikelo. Mlangizi wa zaumoyo, a Makina, anamuzunguliza kalamba koyezera pamkono ndipo kanaima pofiira. Anapatsa Alesi chiponde, chija cha m'timapaketi chimene amapatsa ana onyentchera, n'kumuuza kuti mwana azidya mapaketi awiri pa tsiku.

"Awa ndi mankhwala, mayi," anatero a Makina. "Musagawireko wina aliyense."

Alesi anadzabwereza mawu omwewo kunyumba, ndipo Goliati anagwedeza mutu.

Zinayamba ndi kochepa. Tsiku lina Alesi ali kumjigo, mwana anasiya theka la paketi n'kugona. Goliati anafinyira pachala kuti angolawa. Linali lotsekemera, lonona, la fungo la mtedza wokazinga. Pamene ankazindikira n'kuti paketiyo itaphwa. Tsikulo ananyamula matumba awiri a makaka, chinangwa chouma chija, kuchokera kumudzi mpaka kumsika osamva chizungulire chimene chinkamugwira pachitunda masiku onse.

Mawa lake anatsegula chidebe chimene Alesi ankasungiramo chipondecho n'kuponya paketi yathunthu m'thumba la buluku. Anakadyera kuseri kwa golosale ina pa Migowi, akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yoba mphale. Mumtima ankati, ine ndikagwa pamsewu, onsewa adya chiyani? Anapitiriza choncho, masiku atatu kapena anayi pa mlungu. Mapaketi akatha tsiku la sikelo lisanafike, Alesi ankangophikira mwana phala lamadzimadzi, osafunsa kanthu.

Pa mlungu wachitatu Alesi anamupempha kuti awanyamule panjinga, popeza mwana sanagone bwino. Goliati anawasiya pamzere wa amayi, iye n'kukaima pansi pa mtengo wa mango, pamene panali wakabaza wina wa ku Boma, dzina lake Elton. Ankadziwana pang'ono, koma Elton sankamudziwa Alesi.

A Makina anakoleka mwana pasikelo, anayang'ana muvi, anayang'ana m'buku, n'kuyang'ananso muvi.

"Mayi, milungu itatu yonseyi mwana sanakwere n'komwe. Chiponde chikupita kuti?"

"Amadya," anayankha Alesi motsitsa mawu.

"Amadya zonse?"

Alesi anangowerama. A Makina anatenga paketi ina, kuing'amba, n'kupatsa Tikondane. Mwanayo anaigwira ndi manja onse awiri ndipo sanapume mpaka itatha, kenako analirira ina.

"Mwaona? Mwana alibe vuto la kudya. Ndiye ndikufunsaninso, kodi mukugulitsa?"

"Ayi, sindinagulitsepo."

Amayi a pamzere anayamba kutembenuka. Wina kumbuyo ananena mokweza kuti masiku ano anthu akugulira zitenje njala ya ana awo. Alesi anali atavala chitenje chatsopano chimene mchemwali wake anamupatsa, ndipo maso onse anatsikira pamenepo.

Pansi pa mango paja, Elton anapukusa mutu. "Akazi enawa alibe chisoni, aise. Mwana wako yemwe?"

"Eya," anatero Goliati.

Mawuwo anangotuluka okha. M'thumba lake la kumanja munali paketi imene anatenga m'mawa womwewo, ndipo ankaimva ikumukhudza pantchafu. Anamva a Makina akunena kuti mlungu wamawa mwana akapanda kukwera adzamutumiza kukagonekedwa ku chipatala chachikulu. Anaona mkazi wake akubereka mwana, akulandira chiponde chatsopano ndi manja awiri, akudutsa pakati pa amayi aja osadzutsa nkhope. Alesi atafika n'kukhala pakaliyala, Elton anayang'ana Goliati, anayang'ana Alesi, n'kuyamba kupukuta belu la njinga yake.

Anayenda mpaka pamtsinje wouma, pamene anthu amatsika n'kukankha njinga mumchenga. Pamenepo Goliati anaima, anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa paketi ija. Inali yotentha ndiponso yophwanyika mbali imodzi.

"Mayi a Tiko, ndine."

Alesi sanadabwe. "Ndikudziwa. Ndinapeza kapepala kake m'buluku lanu pochapa, mlungu woyamba uja."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kwa inu kapena kwa alangizi?"

Goliati anayang'ana paketi ija m'manja mwake, ndipo Alesi anapitiriza.

"Kwa inu ndinkati mwina muleka nokha, poti mumamuona mwanayu mmene alili. Kwa alangizi ndikanati chiyani? Kuti akudya ndi bambo ake, ali apo pansi pa mtengo? Ndinkadikira kuti mubwera. Ndinakuyang'anani kawiri."

Anatenga paketiyo m'manja mwake, anakhala pamwala n'kuyamba kudyetsa mwana. Goliati anaima chogwira njinga mpaka mwana atamaliza. Atati akwerenso, Alesi anakana. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, iye akukankha njinga pambuyo pake.

Mlungu umenewo Goliati sanayandikire chidebe chija. Alesi sanachisunthe, sanachibise, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa akanachimanga ndi loko. Ankaphika, ankamuikira madzi osamba, koma mawu ake anali a "eya" ndi "ayi" basi. M'mudzi nkhani inali itafika kale. Kumjigo amayi ankasiya kucheza Alesi akafika.

Tsiku la sikelo litakwana, Goliati anapempha chitenje.

"Mukatani nacho?"

"Ndimubereka ndine. Inu khalani."

Alesi anamuthandiza kumanga mfundo pachifuwa. Koma sanakhale. Anawatsatira.

Pamzere mwamuna anali iye yekha, ndipo amayi ankagwirana zigongono. Nthawi yake itafika, a Makina anakoleka mwana pasikelo n'kumwetulira.

"Wakwerako. Pang'ono, koma wakwera. Chasintha n'chiyani?"

Goliati anavula chipewa. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, za chizungulire, za zitunda, za matumba a makaka, koma onse anathawa.

"Mayi akewa sanagulitse," anatero. "Ndinkadya ndine."

Kenako wina anaseka kumbuyo, wina anati, "Kalanga ine!" Goliati ankayembekeza kuti a Makina amukalipira, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma iwo anatseka buku pang'onopang'ono, anadzuka pampando n'kupita pamene Alesi anaima.

"Mayi, ndinakulankhulani molakwa pamaso pa anthu. Pepani."

Alesi anangoti, "Zikomo," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Anthu atachepa, a Makina anamuitanira Goliati pambali n'kumufunsa chimene amadya asanayambe ntchito. Atamva yankho anapumira m'mwamba. Anamuuza kuti chinangwa chotsala madzulo azisiyako cha m'mawa, ndipo akapeza mtedza ngakhale wodzaza dzanja aziyenda nawo. Za chiponde sanabwerezenso.

Tikondane anafika pobiriwira pa kalamba kaja patatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo anayambanso kuthamangitsa anapiye pabwalo. Alesi anayamba kulankhula ndi mwamuna wake ngati kale, ngakhale kuti zinatenga nthawi. Pa Migowi nkhani inafika ndi Elton, ndipo anzake a kabaza anamupatsa Goliati dzina loti Chiponde. Masiku oyamba akamuitana choncho ankachita ngati sanamve. Koma makasitomala nawo anayamba kulidziwa, ndipo tsiku lina mayi wina atatsika minibasi ndi thumba la mbatata anakuwa, "A Chiponde, tanyamuleni!" Goliati anaweramitsa mutu, anakankha njinga n'kupita kukamanga katunduyo.