Diresi la Madamu a Masamu

Amake mapasa ankasoka zovala pakhonde, ndipo amuna awo ankaphunzitsa masamu kusekondale. Kwa zaka zambiri bamboyo ankabwera kunyumba manja ali mbuu ndi choko, osakamba kanthu za kuntchito. Koma kusukuluko kutabwera mphunzitsi wamkazi watsopano, pakamwa pawo panatseguka ngati wailesi.

Nkhani yake inali ya nambala imodzi, 720,720. Ankafotokoza kuti Madamuwo anawaonetsa kuti nambalayi imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 popanda chotsala, ndipo zoigawa zonse pamodzi zilipo 240. Ankati nambala zina n'zouma manja, zimangogawika ndi 1 ndi izo zomwe, koma iyi ndi yopatsa. Akamatero maso ankawala, chakudya n'kumazizira m'mbale.

"Kodi nambalayo ili pabanja?" anafunsa amake mapasa tsiku lina.

Bamboyo anaseka mpaka kutsamwa, mawa lake n'kukawauza Madamu nthabwalayo. Anabwerako ndi uthenga woti Madamu nawonso aseka kwambiri. Apa m'pamene mtima wa mayiwo unayaka.

Masana ena ananamizira kukapereka ambulera kusukulu. Atasuzumira pawindo la chipinda cha aphunzitsi, anaona awiriwo ali pabolodi, akulandana choko, wina kuyamba mzere wina kumaliza. Sanakhudzane ngakhale chala, ndipo n'zimene zinawapweteka koposa, chifukwa panalibe mlandu woti n'kukatula kwa ankhoswe. Anabwerera ndi ambulera yawo.

Pofuna kumuona bwino mkaziyo, anatumiza mawu kuti Madamu abwere adzawasokere diresi. Madamu anabwera Loweruka, kamunthu kochepa thupi, ka nsapato zakutha zidendene. Pomwe ankayezedwa anayamikira masokedwe a malaya a bambo a mapasa, nafunsa mmene mayiwo amadulira nsalu kuti isawonongeke. Amake mapasa ankangoyankha ndi m'mphuno. Phini imodzi inalowa m'chiuno mopitirira, ndipo anapepesa mochedwerapo.

Atatsala okha ndi nsaluyo, anaganiza zokhotetsa mpendero kapena kuthinitsa m'khwapa. Anagwira sizasi kwa nthawi, koma manja anakana. Sakanalola kuti mkazi wodziwa masamu onsewo akanene kuti kunyumba kwa aphunzitsi kulibe luso. Anasoka mosamala, kumasula, kusokanso, mpaka diresilo linaposa lililonse limene anasokapo.

Pa tsiku loti makolo akaone ntchito za ana, amake mapasa anakhala kumbuyo m'holo. Madamu anaima kutsogolo atavala diresi lija, pambali pa bambo a mapasa, akufotokoza nambala yawo. Linawakhala ngati anabadwa nalo. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi amake mapasa anawakodola n'kunong'ona kuti aphunzitsi awiriwo ayenerana bwanji, kenaka anafunsa ngati akumudziwa telala amene anasoka chovalacho.

"Sindikumudziwa," anatero amake mapasa, maso ali kutsogolo.