Kadontho ka Apongozi

Aphunzitsi anaphunzitsa Chingerezi mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo atapuma pantchito choko anasiya koma cholembera chofiira anakana nacho. Nyuzipepala ikafika pakhomo, ankayamba aikonza kaye asanaiwerenge. Mwana wawo wamwamuna atawagulira foni ndi kuwalowetsa pagulu la banja, ankalemba uthenga uliwonse ngati ali pabolodi: chilembo chachikulu poyamba, kadontho pomaliza.

Mwana wawoyo anali atangokwatira nesi wina wansangala, amene zala zake zinkathamanga pafoni kuposa pakamwa pake. Nesiyu ankawaopa apongozi ake aamunawo. Chilichonse chimene angawalembere, yankho linali "Noted." kapena "Fine." Kwa iye ndi anzake, munthu akakuyankha liwu limodzi n'kuikapo kadontho, ndiye kuti wakumenyetsera chitseko kumaso.

Loweruka lina Aphunzitsi anayesa suti yatsopano imene anasoketsa pokonzekera ukwati wa mwana wa mnzawo. Anaima pafupi ndi shelefu ya mabuku, mimba ataibwezera m'kati, akazi awo n'kuwajambula. Chithunzicho anachiponya pagulu.

Nesi uja anachiona ali kuntchito, akumwa tiyi m'kachipinda kopumulira. Anati apa ndiye podzigulira malo. Analemba msangamsanga: "Dad you ate!!! im dead"

Aphunzitsi anavala magalasi, nawerenga kawiri.

"Amayi, tabwerani kuno. Apongozi anuwa akuti ndadya. Ndadya chiyani ine? Kapena mimbayi ikuonekabe?"

"Nanga kumapetoko akuti chiyani?"

"Akuti amwalira. Koma poti alemba okha, tisathamangire kugula bokosi."

Anakhala pansi, nayankha ndi chala chimodzi, mwaulemu wonse: "I have not eaten. You also appear to be alive."

Kuchipatala kuja tiyi anazizirira m'kapu. Nesi anaimbira foni mwamuna wake.

"Bambo akuti sanadye. Ndipo akudabwa kuti ndili moyo koma sindinawaphikirepo chilowereni m'banja muno."

"Iwe, bambo amalemba choncho basi."

"Timadontho tiwiri, iwe! Tiwiri! Usandiuze zimenezo."

Anasinthana ntchito ndi mnzake, nadzera kumsika. Dzuwa likupendeka, anafika kwa apongozi ake atanyamula mapoto okulunga m'nsalu: nkhuku, mpunga, mbatata yokazinga. Mwamuna wake ankabwera pambuyo ndi chidebe cha zipatso, nkhope ili ngati ya munthu woperekeza maliro a munthu wosamudziwa.

Amene anatsekula chitseko anali apongozi aakazi. Anayang'ana mapotowo, nayang'ana nesi.

"Kwagwanji, mwanangu?"

"Ndamva kuti bambo sanadye, amayi. Mundikhululukire, ndinachedwa kuzindikira."

Amayi aja anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo, omwe anali pampando, akadali mu suti.

"Mwalengeza kubanja lonse kuti pakhomo pano simudya? Mazira aja m'mawa anadya ndani? Buledi uja anamaliza ndi mphaka?"

"Ine ndimanena za nkhomaliro," anatero Aphunzitsi. "Ndipo ndimangoyankha zimene andinamizira apongoziwa."

Mwana wawo anaika chidebe pansi, nakhala pakati ngati womasulira m'khoti. Anafotokoza kuti masiku ano pafoni munthu akakuuza kuti "you ate" sakunena za m'mimba, akutanthauza kuti watchena, palibe wokuposa. Ndipo "im dead" ndiye kuti wasangalala mpaka mphamvu zamuthera.

Aphunzitsi anavula magalasi. "Ndiye kudya kwasanduka kuvala, kufa kwasanduka kukondwa. Nanga munthu akadyadi mumati bwanji?"

"Sitinena, bambo. Timangojambula mbale."

"Akafadi?"

"Pamenepo timaimba foni."

Nesi, misozi ili lengelenge, anaulula za timadontho tija, kuti wakhala akugona ndi nkhawa poganiza kuti apongozi ake sakumufuna.

"Kadontho ndi mkwiyo?" Aphunzitsi anagwira pakamwa. "Ndiye ndakhala ndikukalipira ana a eni zaka zonsezi osadziwa! Apongozi, khazikani mtima pansi. Ine ndikalemba kuti Noted, ndiye kuti ndakondwera kwambiri."

"Akunena zoona," anatero akazi awo, mkwiyo utayamba kutsika. "Ine pondifunsira anandilembera mizere iwiri yokha. Ndinayesa ndi samani ya kukhoti."

Anaseka onse, mapoto n'kutsekulidwa. Aphunzitsi anadya atayala thawulo pachifuwa kuteteza suti, ndipo nkhukuyo anaiyamikira ndi mawu a pakamwa, opanda choopsa chilichonse.

M'mawa mwake anaganiza zoonetsa kuti nkhalamba nayo imaphunzira. Analemba pagulu: "Thank you for the chicken" n'kutumiza chomwecho, kumapeto kuli pululu.

Anaika foni patebulo. Anaitenganso. Anapita kukhonde, nabwerera. Chiganizocho chinkawayang'ana ngati nyumba yosiyidwa chitseko chili pululu, mbuzi zikudutsa. Tiyi sanakome. Pomaliza analephera kupirira, natumiza uthenga wachiwiri wokhala ndi kadontho kokha.

Foni inayamba kulira nthawi yomweyo. Mwana wawo wamkazi ankafunsa ngati bambo agwa ali pakati polemba. Mlamu wawo ankafunsa kuti walakwa ndani tsopano. Nesi sanaimbe n'komwe, anangofunsa mwamuna wake ngati nkhuku ija inachepa mchere.

Akazi awo anawalanda foniyo, nawaonetsa podina kuti azingolankhula, mawuwo n'kumapita okha. Kuyambira pamenepo Aphunzitsi amatumiza mauthenga a mawu, ndipo banja lonse lili pamtendere. Kungoti ukamvetsera bwino, akamaliza chiganizo chilichonse pamamveka chala chikugogoda patebulo kamodzi.