Nyimbo Imene Tinamumana Lekani

Ku mpingo wathu wa ku Nazombe tili ndi lamulo limene timalisunga kuposa malamulo khumi aja: munthu wodulidwa akamwalira sitimuimbira nyimbo. Mkulu wa mpingo mmodzi amapemphera mwachidule, adzukulu n'kukwirira, anthu n'kubalalika. Ine Goodman ndakhala mlembi wa mpingowu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kalata yodula Lekani Sitima ndinalemba ndine, ndi dzanja langa lokongola limene anthu amalitama.

Mlandu wake unali ukwati. Lekani atalowa usilikali anatenga Fauzia, mwana wa a Jabiri, Asilamu ogulitsa nsalu ku Jenala. Sanabwere naye kutchalitchi kudzadalitsa ukwatiwo, ndipo Fauzia sanasiye chipembedzo cha kwawo. Tinamuitana kawiri kubwalo la akulu a mpingo, iye n'kuyankha kuti watanganidwa kuntchito, adzabwera pa tchuthi. Tinamudula. Patapita zaka zisanu anabweradi, koma m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, ataphedwa ku Congo kumene anapita kukasungitsa mtendere.

Pa maliro asilikali anachita zawo zonse. Anaguba, anawomba mfuti, analiza lipenga mpaka agalu a m'mudzi anathawira kuphiri. Ife a mpingo tinaima chapatali, manja kumbuyo, milomo yotseka. Mayi ake a Lekani, a Rozaria, amene akhala akuimba m'kwaya ya amayi kuyambira ine ndisanamere ndevu, anagwada pafumbi pamaso pa a Fletcher, wapampando wathu, kupempha nyimbo imodzi yokha, ngakhale ndime imodzi. A Fletcher anawadzutsa mwaulemu ndithu, n'kuwauza kuti lamulo siliona nkhope.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chaka chonse a Rozaria ankafika kwathu mwezi ndi mwezi, atanyamula kambale ka nandolo kapena makaka, kudzafunsa ngati akuluakulu aganizako zina. Sankapempha chiliza. Ankangofuna kuti mpingo umene unabatiza mwana wawo umuimbire, nawonso mtima ukhale pansi. Nandolo ndinkalandira, koma yankho ndinalibe. Fauzia naye sanabwerere ku Jenala. Anatsala ndi apongozi akewo, kuwalimira, kuwatungira madzi, uku akulera kamtsikana kamene Lekani anasiya.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu a asilikali. Inati Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, gulu la asilikali ndi kaputeni wawo lidzapemphera nafe, chifukwa ngwazi ya dera lino inachokera mu mpingo wathu. A wailesi nawonso adzabwera kudzajambula mwambowo. Mawu oti mu mpingo wathu a Fletcher anawawerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ankanka nakoma.

Tinakumana Lachinayi masana, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mwadzidzidzi aliyense anakumbukira kuti Lekani anali mwana wabwino. A Nickson, amene anali oyamba kukweza dzanja tsiku lomudula, anati anamuphunzitsa Sande sukulu ndipo anaoneratu kuti mnyamatayu adzafika patali. Vuto linali limodzi: pa wailesi sungakumbukire ngwazi popanda nyimbo, ndipo wodulidwa saimbiridwa. Kuti munthu abwezeredwe mu mpingo amayenera kuima pamaso pa akulu, kulapa ndi pakamwa pake, kenako n'kukhala pa benchi yakumbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Lekani, monga mwa chizolowezi chake, sakanatha kubwera.

Nzeru inachokera kwa a Fletcher. Anati tchimo la Lekani linali ukwati, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti ukwati umatha ndi imfa. Choncho kuyambira tsiku limene chipolopolo chinamupeza, Lekani analibe mkazi, ndipo popanda mkaziyo panalibenso mlandu. Tinayang'anana, kudabwa kuti takhala ndi Mkhristu wangwiro kumanda kwathu chaka chathunthu osadziwa. Koma a Fletcher anakweza chala n'kutichenjeza. Fauzia akakhala kutsogolo ngati mkazi wa malemu, ndiye kuti tavomereza kuti ukwati ulipobe, ndipo tchimo lidzuka. M'tchalitchi alowe mayi ake a Lekani okha, dzina la Fauzia lisatchulidwe. Tonse tinavomera, ine n'kulemba bwinobwino.

Wokanena uthengawo ndinali ine ndemwe. Ndinawapeza awiriwo pabwalo akusenda chinangwa. Nditatchula za nyimbo, a Rozaria anaponya mpeni pansi n'kuyamba kulira, uku akuseka, uku akundigwira miyendo ngati ndine mngelo. Gawo lachiwiri la uthenga ndinalinena ndikuyang'ana nkhuku. Amene anayankha ndi Fauzia, osasiya kusenda.

"Palibe kanthu, amayi. Pitani mukamve nyimbo ya mwana wanu. Ine ndidzatsala ndi mbuzi."

A Rozaria anatola mpeni wawo n'kupitiriza kusenda. Ine ndinatsanzika msanga, ndipo panjira ndinkadziuza kuti ntchito ya Ambuye yayenda bwino.

Lamulungu lija tchalitchi chinali chitapakidwa laimu kutsogolo konse, mpaka pamene maso a alendo amalekezera. Aliyense anabaya kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa, a Fletcher tiwiri. Mpando wa khushoni wa kunyumba kwa abusa unaikidwa patsogolo penipeni, wa a Rozaria. Itakwana nthawi yokhala chete mphindi ziwiri, tinachita bwino moti kaputeni ananena kuti sanaonepo mpingo wodziwa kukhala chete ngati wathu. Sanadziwe kuti tinayeserera kale pa maliro. Abusa analalikira za chikondi cha munthu wofera anzake, thukuta lili chuchuchu, ndipo Lekani anamutchula kuti mwana wathu mpaka a Nickson anatulutsa kampango.

Koma mpando wa khushoni unalibe munthu. Poyamba tinkati a Rozaria achedwa ndi kuvala, pajatu amayi pa tsiku lalikulu. Ulaliki unatha, kwaya inaimirira, kaputeni ananyamula nkhata ya maluwa n'kufunsa chapansipansi kuti banja la malemu lili kuti. A Fletcher ananditsina pantchafu, kundiuza kuti ndithamange ndikawatenge, ngakhale pa kabaza.

Sindinapite patali. Kuseri kwa tchalitchi, kumene laimu sanafikeko, pali zenera limene odulidwa ochita manyazi kulowa amakhala pansi pake kumvera mapemphero. A Rozaria anali pamenepo, padzuwa, atayala chitenje. Anavala yunifomu yawo yoyera ya kwaya, yosita bwino, mpango uli mbee. Pambali pawo panali Fauzia, ndipo kamtsikana kanali pamiyendo pawo.

Ndinagwada n'kuwanong'oneza kuti mpando wawo ukudikira, kuti nyimbo imene aivutikira chaka chonse yatsala pang'ono kuyamba, kuti kaputeni akufunsa za banja ndipo a wailesi akujambula. Ndinawakumbutsanso zimene akuluakulu anagwirizana, kuti atha kulowa okha, enawa n'kudzawapeza pambuyo. Ndikulankhula choncho manyazi anandigwira, manyazi enieni, moti mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina amene sindingafune kukhala naye pa benchi imodzi. A Rozaria anandisiya ndimalize. Sanakwiye, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya. Anakonza mpango wa Fauzia pamene unapendekeka, kenako anandiyang'ana.

"A Goodman, kawauzeni a kaputeni kuti banja la Lekani lili kunja kuno," anatero. "Ndipo a kwaya aimbe mokweza. Mkazi wake sanaimvepo nyimbo imeneyi."