Sitata ya A Zeferino

Mbama inamveka mpaka kuseri kwa nyumba kumene Iness ankatsuka makapu a anthu odzapepesa maliro. Atathamangira pabwalo anapeza mayi ake, a Enelesi, atagwera pakhonde, duku lili pansi, mlomo ukuchucha magazi. Pambali pawo panaima a Silvio, mng'ono wa malemu bambo ake, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Kwathu katundu wa mwamuna ndi wa abale ake, mlamu. Ndikuuzeni kangati?"

Panali patangotha masiku atatu chiikireni a Zeferino m'manda. Iwo anafika ku Mwanza pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala n'kutsegula galaja pafupi ndi chipata cha malire. Chuma chawo chooneka chinali chimodzi basi: kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kakafupi ngati kakukwawa, kopangidwira liwiro. Anakagula kali kakufa n'kukadzutsa ndi manja awo.

A Silvio analowamo n'kupotokola kiyi. Timagetsi ta pa dashibodi tinayaka, koma injini inangoti zii. Anapotokolanso, kenaka anamenya chiwongolero ndi chibakera.

"Epa! Bwerani muikankhe!"

"Ndi ya otomatiki, bambo aang'ono," anatero Iness akudzutsa mayi ake. "Ngakhale titaikankha mpaka ku Tete, siilira."

"Ndiye uikonze iweyo. Si paja amati unatengera bambo ako? Ikapanda kulira dzuwa lisanapendeke, ndiyamba kusasula malata a nyumbayi."

Iness anakulira m'galaja, ndipo tsopano ndiye ankakonza magetsi a mathiraki oima pamalire. Anayang'ana mlomo wa mayi ake, mumtima n'kuti: ipite galimotoyo, bola munthuyu atichokere. Anatenga bokosi la zida n'kuitana mchimwene wake Kinsley, amene ankaonerera atatsamira mtengo wa mango, mowa wa dzulo usanamuthere m'mutu.

"Khalani pampandopo. Ndikati potokolani, mupotokole."

Anayamba ndi batire. Anayatsa nyali zakutsogolo, zinawala bwinobwino, ndipo Kinsley atapotokola kiyi sizinazilale ngakhale pang'ono. Batire inalibe mlandu. Anapala mitu yake imene inachita zoyerayera, n'kumangitsa waya wopita ku thupi la galimoto. Zii. Anazula mafyuzi imodziimodzi, kuwayang'ana padzuwa: onse amoyo. Anauza Kinsley agwedeze giya, aichotse pa P aiike pa N, poti galimoto zokalamba zimakana kulira giya ikapanda kukhazikika. Zii.

"Ukundichedwetsa dala," anatero a Silvio, akuzungulirazungulira ndi sipanala yomasulira matayala.

Iness anakweza galimoto ndi jeke n'kulowa pansi chagada. Anagunditsa kababu kake koyesera pa waya waung'ono wa sitata, kachipangizo koliza injini. Kinsley atapotokola, kababu kanayaka. Moto unkafika ndithu. Anatenga sikuludiraiva n'kugunditsa mabawuti awiri aakulu a sitata nthawi imodzi. Pamenepo sitata yamoyo imathetheka moto n'kuzungulira, koma iyi sinachite ngakhale kaphokoso.

Anaimasula, n'kuitsegula pa thumba la saka. Malo anayi okhala mabulashi, timakala tokhudzitsa moto mkati mwa sitata, anali pululu. Mawaya ake anali odulidwa bwinobwino ndi pulayasi.

"Siinawonongeke," anatero pang'onopang'ono. "Wina anachotsamo mabulashi."

Maso a a Silvio anatembenukira kwa Kinsley. Aliyense ankadziwa kuti Kinsley anagulitsapo masipanala a bambo ake chifukwa cha kachasu.

"Si ine! Mulungu aone, sindinaikhudze!"

A Silvio anamukoka pa kolala kumutulutsa m'galimoto. Sipanala yoyamba inamupeza paphewa, yachiwiri pamwamba pa khutu. Kinsley anagwa chafufumimba, magazi akulowa m'fumbi, koma a Silvio anapitiriza kumuponda m'nthiti. A Enelesi anadziponya pamwamba pa mwana wawo, nawonso analandira chidendene pamsana.

Iness sanaganize. Ananyamula chitsulo cha sitata ndi manja awiri n'kuchigwetsera pa mkono wogwira sipanala. Fupa linamveka kuti thyo! A Silvio anakuwa ngati ng'ombe, koma ndi dzanja lotsalalo anamugwira pakhosi n'kumukanikizira pagalasi lakutsogolo mpaka linachita ming'alu. Mpweya unamuthera, maso anayamba kuchita mdima.

Kenaka dzanja lija linachoka. Bambo wina wamfupi, wa mapewa otambalala, anali atawakwapatira a Silvio chakumbuyo n'kuwagwetsera pa mulu wa matayala. Anali a Masauko, oyendetsa pikapu ya matola ya kwa Kanduku. Anali atangofika kudzapepesa, poti tsiku la maliro anali ku Blantyre.

"Pa siwa, achimwene? Manda asanaume?"

"Andibera! Aba mabulashi a galimoto ya m'bale wanga!"

A Masauko anayang'ana sitata yotsegula ija, n'kuvula chipewa.

"Palibe waba. Mabulashiwo ali m'pikapu yangayo."

Anthu oyandikana nawo anali atadzaza pabwalo, wina akuimbira apolisi. A Silvio anayang'ana nkhope zonsezo, nalavula pansi, nauyamba wa kumalire atafungatira mkono wawo. Makiyi anatsala m'fumbi.

Anamunyamula Kinsley kumugoneka kumbuyo kwa pikapu, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Ankapuma, ankabuula. Iness anakhala kutsogolo, khosi likuwotcha.

"Inali Janyuwale, mvula ikugwa," anatero a Masauko akufufuza kiyi m'thumba. "Ndinanyamula mayi wodwala matenda aakulu, mwana atapingasa. Pikapu inandithimira pa galaja ya bambo ako penipeni, sitata itapsa, matope ali tho, kosatheka kuikankha. Mashopu analibe mabulashi. Bambo ako analowa pansi pa galimoto yawo yofiirayo, anadula awo, anawapala ndi fayilo mpaka anakwana m'sitata yanga. Sabata yotsatira ndinabwera kuti ndiwagulire ena. Anandithamangitsa. Akuti, galimoto yanga imanyamula munthu mmodzi, yako imanyamula mudzi."

"Ife ankatiuza kuti miyendo ikuwawawa, n'chifukwa chake anasiya kuiyendetsa," anatero Iness.

"Tikabwera kuchipatala ndimasula, ndikubwezereni."

Iness anapukusa mutu. "Lizani, tizipita."

A Masauko anangokhudza kiyi, injini inalira nthawi yomweyo. Asanalowetse giya, anatambasula dzanja n'kutsitsa chotchinga dzuwa cha mbali ya Iness. Pansalu yake yotuwa panadindika zala zinayi za girisi wakuda.

"Bambo ako anagwira pamenepo tsiku lija, posuzumira kumuuza mayi uja kuti alimbe mtima. Sindinapukutepo."

Iness anaika zala zake pamwamba pa zalazo. Zake zinali zazifupi. Sanazichotse mpaka pachipata cha chipatala.